Dzanja la Mayamiko Lafika pa Khutu

Anthu a ku Tsangano anandiona ndikuchoka ndi kathumba ka shuga m'manja, muli malaya awiri ndi mswachi. Anthu omwewo anandiona ndikubwera m'chaka cha masankho, 1994, ndili pa chiwongolero cha lole yangayanga, hutala ikulira kuyambira pamphambano mpaka pamsika. Ine ndine Dyton. Ndinayendetsapo malole a eni mumsewu wa Tete nkhondo ili mkati, asilikali kutsogolo, asilikali kumbuyo, anzanga akupemphera ine ndikukukuta mtedza. Ku Joni ndinagonako, ku Beira ndinasambako m'madzi amchere, ku Dar es Salaam ndinanenererako mitengo m'Chiswahili mpaka mwini sitolo anandipatsa mpando ndi tiyi. Palibe anandigwira dzanja. Ndinadzikoka ndekha.

Pamsika aliyense amadziwanso kabowo kanga, chifukwa ndimakaonetsa. Ndi kabowo kakang'ono ngati pobaya singano, pamene khutu lakumanzere limalumikizana ndi tsaya. Agogo anga aamuna anali nako, bambo anga anali nako, ine ndili nako. Kwathu timati ndi pamene chuma chimalowera, ndipo wotsutsa ndimangomulozera lole.

Koma misewu yonseyo sinandichotse Lufina m'mutu.

Lufina kwawo ndi kuchigwa, kumunsi kwa Kandeu. Ankabwera kudzagulitsa mpunga pamsika wathu, ndipo ndisanachoke anali wanga. Nditachoka, makolo ake anamupereka kwa Benson, wa kuno ku Tsangano, wa banja lija losasiya mwambo wolowola ndi ng'ombe. Benson anali kapitawo pa esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo anapita naye kumeneko. Patapita zaka anabwerako ali wodwala, ndi mkazi wake ndi kamwana kakakazi, Mayamiko. Sanachedwe, anamwalira. Lufina anatsala pamudzi wa eni, akuyang'aniridwa ndi mlongo wake wa Benson, a Christobel, mayi wa mawu olemera amene analinso mu komiti ya sukulu.

* * *

Lufina ndinampeza kudimba akukumba mbatatesi. Mayamiko ankatola n'kumaponya m'dengu, atavala chipewa cha ulusi chobiriwira chokokera mpaka m'makutu, dzuwa lili paliwombo.

"Mwanayu mumuphika mutu," ndinatero. "Dzuwa lonseli, chipewa?"

"Khutu limamuvuta mphepo ikalowa," anayankha Lufina, maso ali pakhasu.

"Chabwino. Nanga ine amene mtima ukundivuta, undiveka chiyani? Nyumba ya malata ndamanga. Mipando ndinagula ku Harare, mpaka lero sinakhalidwe ndi mkazi. Ankhoswe nditumize liti?"

"A Dyton, tsitsani mawu. Dimba lino ndi la eni."

"Mawu anga satsika. Ndinabadwa nawo choncho."

Anaseka pang'ono, kuseka kuja kumene ndinkakukumbukira ndili pamzere wa malole ku Nyamapanda. Kenaka anatuma mwana kukatunga madzi kuchitsime, n'kuimika khasu.

"Mvetserani bwino, chifukwa sindibwereza. Ng'ombe zawo zinalowa m'khola la kwathu. Ine nditha kuchoka mawa, palibe angandigwire mwendo. Koma Mayamiko ndi wa pabwalo pano. Ndikangokwatiwa, alamu anga amutenga."

"Ng'ombe ndibweza. Ndiwonjezerapo ndi ngolo."

"Si za ng'ombe zokha. Ndakhala ndikuwanyengerera alamu kuti chaka chamawa mwana akayambe sukulu kwathu ku Kandeu, kotentha, chifukwa cha khutulo. Ayamba kufewa. Akakalembedwa kumeneko n'kuzolowera, sadzamuzulanso. Pamenepo mudzatumize ankhoswe, ngakhale adzaze lole. Koma akangolembedwa sukulu ya kuno, basi, wakhazikika kuno, ndipo ine ndidzasankhe pakati pa inu ndi iye."

"Chaka chathunthu, Lufina?"

"Ine ndinadikira zingati?"



* * *

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, ahedi a sukulu ya m'mudzimo anapempha kuti anthu asabalalike. Anaima pakhomo la tchalitchi, jekete litawakulira m'mapewa.

"Makolo, boma lati sukulu ndi yaulere. Lolemba mubwere ndi mwana aliyense woyenda ndi woyankhula. Musatume mwana yekha, kholo libwere. Zikalata za kubadwa ambiri mulibe, choncho tidzayesa monga mwa nthawi zonse: dzanja lidutse pamutu, ligwire khutu la mbali inayo. Wogwira, walowa. Wolephera, abwerere akakule. A komiti adzayenda khomo ndi khomo, wobisa mwana tidzamudziwa."

Ndikupita ku lole ndinapeza Pauline atatsamira chitseko. Pauline anali mmodzi mwa aphunzitsi aja analembedwa mwachangu sukulu itasanduka yaulere, wa ku Nsipe, woyera mano, wa lilime lakuthwa. Chibwerereni changa ankanditumizira mapichesi m'kabesini, ine n'kumagawira onyamula matumba.

"Bwana a lole," anatero, "mapichesi anga amakoma?"

"Anyamata anga amawayamikira kwambiri, madamu."

Nkhope inachita mdima pang'ono, kenaka inawalanso.

"Ndamva kuti mwauzidwa kuti mudikire chaka. Munthu wodutsa pakati pa zipolopolo ku Tete, lero akudikira pamzere ngati wogula shuga."

"Ndani wakuuzani?"

"Dimba lili ndi makutu ambiri kuposa mbatatesi. Koma ine ndikumvera inu chisoni. Mkazi akamakufuna sanena za chaka chamawa. Mwana uja ndi pobisalira chabe. Chaka chamawa adzati khutu, chaka chinacho adzati mwendo. Inu mudzamera imvi, mipando ya ku Harare ikudyedwa ndi chiswe."

"Mwanayo ndi wamng'ono. Zaka zisanu."

"Eti? Ine ana ndimawadziwa. Kamene kaja n'kochepa thupi basi. Tayang'anani mano ake mukadzakaona."

Ndinaliza injini kuti asapitirize. Koma mawu ake anakwera nane m'lolemo, ndipo anakhala pampando wakutsogolo mpaka kunyumba.

Ndinaganiza chonchi. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4 chifukwa bambo anga analephera fizi, ndipo mpaka lero ndikamasaina mapepala pachipata cha dziko dzanja limandilemera. Lero sukulu yabwera yaulere, mwana wanzeru ngati uja aziwola chaka chathunthu akutola mbatatesi? Ndipo akalembedwa, Lufina sadzakhalanso ndi pobisala. Adzayankha. Za a Christobel ndinaziona zochepa. Ndinagonjetsapo asilikali a pachipata cha Zobue ndi pakamwa pokha, nanga mayi mmodzi wa mu komiti?

* * *

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ndinakumana ndi Mayamiko panjira ya kuchitsime, kachidebe kali pamutu. Ndinamutula.

"Mayamiko, mawa ukupita kusukulu?"

"Eee, ankolo. Azakhali akuti ndipite, poti iwo ndi a komiti, anthu angawanene. Koma ndikabwerako."

"Ukabwerako bwanji?"

"Amayi anandiphunzitsa. Ndizipinda mkono chonchi, ndizikweza phewa, dzanja lizithera apa." Anaonetsa, tizala tikuthera pamwamba pa chipewa.

Ndinatsegula chikwama n'kutulutsa nsapato zofiira, za lamba ndi kachitsulo konyezimira, zimene ndinagula ku Harare osadziwa n'komwe wodzavala. Maso a mwana anatuluka.

"Izi ndi za ana a sukulu okha. Wobwerera kunyumba savala. Tatambasula bwinobwino, tione."

Anayang'ana kumbuyo, n'kutambasula. Dzanja linadutsa pamutu mosavuta n'kukagwira chipewa pamene pali khutu. Anaseka, ndipo ndinaona mpata wa mano awiri akutsogolo, atsopano akusuzumira.

"Wakula iwe! Mawa ukachite chomwechi, nsapato n'zako."

"Amayi akandikwapula."

"Amayi ako adzavina. Usawauze, tiwadzidzimutse."

* * *

Lolemba bwalo la sukulu linadzaza ngati pamsika wa Loweruka. Ana ovala matumba, ana obereka anzawo, ana ena aatali ngati ine amene fizi inawatsekera kunja zaka zonsezo. Ahedi anamenya limu ya galimoto yopachikidwa pamtengo mpaka phokoso linatsika.

"Makolo, tigwirizane lero. Mwana aliyense akhale ndi kholo limodzi limene sukulu ikulidziwa. Mwana akajomba, tidzauza kholo limenelo. Akakhoza, akabwereza, akasamutsidwa kalasi, tidzauza lomwelo, osati wina aliyense wodutsa mumsewu. Kalasi A iphunzira pansi pa mkungudza ndi Madamu Pauline. Kalasi B m'tchalitchi. Loweruka mabanja onse tibwere kudzaumba njerwa, bambo, mayi ndi ana, chifukwa mvula ikagwa mkungudza suteteza munthu. Mchenga atithandiza a Dyton ndi lole yawo."

Anthu anaomba m'manja. Ndinakweza chipewa changa cha ku Joni mbali zonse zinayi.

Mzere unayamba. Pauline anakhala pampando, ana akubwera mmodzimmodzi. Wina ankapendeketsa mutu kuti khutu likumane ndi dzanja, anthu n'kufa nazo. Wina mayi ake anamukoka mkono mpaka analira. Lufina anaima pambali pa a Christobel, nsalu ataifunda mpaka pachibwano. Sanandiyang'ane.

Itafika nthawi ya Mayamiko, Pauline anamwetulira.

"Vula chipewa, mwanawe."

"Madamu, chonde," anatero Lufina mofulumira, "musamuvule. Khutu lake..."

"Ndiye ndiona bwanji kuti wagwira khutu? Kapena tiyese chipewacho, tichilembe Sitandade 1?"

Anthu anaseka. A Christobel anagwedeza dzanja.

"Alamu, kamphindi kokha sikangamuphe. Avule, alephere, tizipita. Ntchito ikutidikira."

Pauline anachotsa chipewa yekha. Mayamiko anayang'ana mayi ake. Kenaka anayang'ana ine. Ndinali nditaima kumbuyo kwa mpando, ndipo ndinatulutsa nsapato imodzi m'thumba la jekete, kachitsulo kakunyezimira padzuwa.

Dzanja linakwera, linadutsa pamutu, silinaime. Linagwira khutu lonse n'kulipinda, zala zikutsala. Mwana anaseka ndi mpata wake wa mano.

"Hee!" anatero mayi wina. "Zaka zisanu zimenezi?"

Pauline sanathamangire. Anagwira mutu wa mwana ndi manja awiri, n'kuutembenuza pang'onopang'ono ngati munthu wosankha dzungu pamsika. Anawerama, anayang'anitsitsa, ndipo anadzuka akumwetulira kumwetulira kumene sindidzakuiwala.

"A Dyton!" anaitana, mawu ofika mpaka kumsewu. "Tabwerani muone zodabwitsa. Mwanayu chuma chidzamulowera pomwe chimalowera chanu."

Ndinawerama. Pamene khutu lakumanzere limalumikizana ndi tsaya panali kabowo. Ka agogo anga. Ka bambo anga. Kanga.

Ndinamva amayi akunong'ona kumbuyo: "Dyton anachoka liti?" "Nanga ukwati wa Benson unali liti?" "Paja mwanayu anabadwira ku Kasungu, ndani anaona?" Zala zinayamba kupindidwa pansi pa nsalu.

Ndaonapo nyanja, ndaonapo nyumba zotalika mpaka khosi kuwawa, koma chinthu chokongola ngati kabowo kameneko ndinali ndisanachione. Ndinamunyamula mwana uja m'mwamba, pamwamba pa mitu ya anthu onse.

"Wanga!" ndinakuwa. "Anthu inu, mwana wanga! Magazi anga awa!"

Mwamuna aliyense akanakuwa. Koma nditatsitsa maso ndinaona Lufina atakhala pansi m'fumbi, pakamwa pali yasa, misozi osatuluka.

A Christobel anabwera osathamanga. Anandilanda mwana, anamupinda khutu, anayang'ana. Kenaka anayang'ana khutu langa. Sanakuwe.

Ahedi anatsokomola. "Wagwira. Kalasi A. Kholo la mwanayu ndani?"

"Ndine," anayankha a Christobel. "Christobel, mlongo wake wa malemu bambo ake. Nkhani iliyonse ya mwanayu izibwera kwa ine. Wina aliyense akadzafunsa, mudzamuonetse msewu."

* * *

Pofika masana katundu wa Lufina anali panja, pabwalo la nyumba: mphasa, mapoto awiri, sutikesi yothyoka loko, chithunzi cha ukwati chitang'ambidwa pakati. Anthu anadzaza kumpanda. Ndinaimika lole pakhomo penipeni n'kutsika.

"Mchimwene wanga unamudyetsa manyazi mpaka kumanda," ankatero a Christobel, akuponya nsalu imodziimodzi. "Tinkakuphikira ngati mfumukazi. Tinkati watisiyira mbewu."

"Alamu, a Benson ankadziwa," anatero Lufina atagwada. "Ananditenga akudziwa. Ndiwo anati tichotse chaka pa zaka zake zobadwa, kuti mwana asadzalozedwe chala. Ankamukonda ngati wawo."

"Akufa sayankha. Unganene chilichonse."

"Mayi," ndinalowerera, "tisataye nthawi. Ng'ombe zanu nenani, mawa zilowa m'khola, zonenepa kuposa zimene munapereka. Mundipatse mkazi ndi mwana."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa.

"Mkaziyo tengani, simulipira kanthu, tamutaya kale. Koma mwana wobadwira pa ng'ombe zathu ndi wathu, kaya ali ndi mabowo thupi lonse. Inu munali kuti akudwala chikuku? Munali ku Joni. Amene anamugulira bulangete ndi Benson."

"Ndiye mumufuniranji, poti mwaona kuti si magazi anu?"

"Ine ana anga onse ndi aamuna. Ndilibe wonditungira madzi." Anatembenukira kwa Lufina, mawu n'kutsika. "Komanso ndikufuna uyu azidzuka m'mawa uliwonse akudziwa kuti mwana wake ali m'manja mwanga. Ife tinalira maliro a munthu wonamizidwa. Nayenso alireko."

Mayamiko anatuluka m'nyumba akuthamanga, nsapato zofiira zimene ndinamupatsa kusukulu zili kumapazi, n'kukakamira khosi la mayi ake.

"Amayi, ndalakwa! Ndipindanso mkono! Tiyeni tibwerere, ndikapinde!"

A Christobel anamuzula ngati chinangwa. Anamuvula nsapato zija, n'kuziponya kuseri kwa mpanda, m'khola la nkhumba. Anamukankhira m'nyumba n'kukoka chitseko. Kulira kunapitirira mkatimo.

Lufina anamanga katundu wake m'nsalu, anasenza, n'kutuluka. Ndinamutsatira ndi lole pang'onopang'ono, mutu uli pawindo.

"Kwera, Lufina. Nyumba ilipo. Za mwana ndithana nazo, ndikalankhula ndi akuluakulu ku boma, ndimadziwana nawo."

Anapitiriza kuyenda.

"Nanga bwanji sunandiuze? Zaka zonsezi ndili ndi mwana, iwe duu?"

Anaima. Anatula katundu. Anabwera pawindo, pafupi kwambiri moti ndinaona fumbi la bwalo la sukulu likadali m'nsidze zake.

"Ndikanakuuzani, mukanachita chiyani? Mukanaliza hutala kuyambira pamphambano mpaka pamsika. Ndimakudziwani, a Dyton. Simungasunge chinthu chokoma mkamwa osachionetsa anthu. Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha, kudikira. Ndinali nditatsala pang'ono kutuluka naye."

"Ndinkafuna mwana aphunzire."

"Munkafuna yankho. Mwalipeza."

Anapisa dzanja m'nsalu, anatulutsa chipewa chobiriwira chija n'kuchiponya pampando wakutsogolo.

"Ndinachiluka tsiku lomwe ndinamva hutala yanu ikulowa m'Tsangano. Ntchito yake yatha. Musunge, ndi chokhacho cha mwana wanu chimene mungagwire."

Ku Kandeu sanapite. Mayi wina wa mvano anamupatsa kakhitchini kuseri kwa tchalitchi, moyang'anana ndi njira ya kusukulu, kuti m'mawa uliwonse aziona mwana wake akudutsa.

Lachiwiri anamuona, atagwidwa dzanja ndi azakhali ake, wopanda nsapato, wopanda chipewa. Kuyambira pamenepo sanadutsenso.

* * *

Loweruka ndinafika ndi mchenga wodzaza mpaka m'mbali. Mabanja anali kale m'matope: abambo akuponda dothi, amayi akutunga madzi, ana akuthamanga ndi zikombole. Lufina analipo, ngakhale panalibe amene anamuitana. Ankaumba yekha kumapeto, amayi anzake atamusiyira mpata waukulu ngati ali ndi mphere. A Christobel anakhala pamthunzi ndi a komiti anzawo, akuwerenga mizere ya njerwa ndi ndodo.

Dzuwa litakwera, ahedi anamenya limu.

"Monga tinapanganira, nawa ana amene ajomba sabata ino. Kholo likamva dzina liime, litiuze chifukwa."

Anatchula mayina. Bambo wina anati mwana amakaweta mbuzi, anthu anamukuwiza. Mayi wina anati malungo. Dzina la Mayamiko silinatchulidwe.

Lufina anaima, matope ali mpaka m'zigongono.

"Ahedi, Mayamiko sanabwere kuyambira Lachitatu. Simunamutchule."

"Kholo lake linabwera kale kudzatifotokozera, mayi."

"Ali kuti?"

Ahedi anayang'ana pansi. "Lamulo ndinalinena ndekha pamaso pa anthu. Timauza kholo limene sukulu ikulidziwa."

"Ndinamubereka ndine!"

"Uzikafunsa kumene unabereka," anatero a Christobel pamthunzi paja, osakweza n'komwe mutu. Ena anaseka. Ena anayang'ana kumbali.

Ndinapita kwa ahedi, ndinawakokera pambali. Ndinawakumbutsa za mchenga, za malata amene ndinalonjeza, za mabenchi. Koma bambo uja sanasunthe.

"A Dyton, mchengawo mukhoza kubwerera nawo. Ndikaphwanya lamulo sabata yoyamba, kholo liti lidzandikhulupirire? Kwa sukulu, inu ndinu wodutsa mumsewu."

Ine Dyton, wodutsa mumsewu, pa mwana wa kabowo kanga.

Nditabwerera ku lole ndinapeza Pauline atatsamiranso chitseko, atavala diresi yachikasu yosayenera tsiku la matope.

"Kalasi A ndi yanga," anatero motsitsa. "Mwana akamachotsedwa m'kalasi mwanga, kholo limandiuza kumene akupita. A Christobel anandiuza."

"Ali kuti?"

"Kutali. Anapita Lachitatu m'bandakucha, panjinga. Kumene aliko kulibe sukulu, kulibe mkungudza, kuli makanda a eni ofuna wowabereka. Akakhalako mpaka mvula, njira zake lole sidutsa."

Ndinamugwira mkono. "Nenani!"

"Mukundipweteka, bwana. Anthu akuona." Anachotsa zala zanga chimodzichimodzi. "Mapichesi anga munkapatsa onyamula matumba. Lero mukufuna chipatso china, ndipo chimenechi sichaulere ngati sukulu."

"Mukufuna chiyani?"

"Munditsegulire chitseko ichi ndi dzanja lanu, pompano. Tidutse pamsika hutala ikulira, monga mumachitira mukasangalala. Tikafike ku Nsipe, mukagwade kwa amalume anga, mukanene chimene mwadzera. Ankhoswe akakumana, ndidzakuuzani mudzi wake ndi khomo lake. Mukakauza Lufina za pangano ili, ndaiwala zonse. Mutu wanga suchedwa kuiwala."

"Mukudziwa kuti sindikukondani."

"Mudzaphunzira. Ine ndi mphunzitsi."

Ndinayang'ana kumapeto kwa bwalo. Lufina anali ataima ndi chikombole m'manja, akutiyang'ana. Kwa nthawi yoyamba chichokereni pamsewu paja, m'maso mwake munali kupempha. Ankaganiza kuti ndikumufunsira za mwana. Anayamba kubwera, pang'onopang'ono, akupukuta manja m'nsalu.

Kumadzulo, kuseri kwa mapiri a kumalire, mitambo inali itayamba kuunjikana.

Ndinatsegula chitseko.

Pauline anakwera ngati mkwatibwi, akukweza diresi ndi zala ziwiri. Pampando anapeza chipewa chobiriwira chija. Anachitola, anachitembenuza, anayang'ana Lufina amene anali ataima chapafupi, ndipo anawerama n'kupukutira matope a nsapato zake, yakumanja kenaka yakumanzere. Atatha anachiponya pawindo. Chinagwera pamapazi pa Lufina.

"Tiyeni, a Dyton," anatero mokweza. "Amalume akudikira mkamwini."

Bwalo lonse linasiya kuumba. Lufina sanalire. Anatola chipewa chija, anachikung'untha, anachipisa pachifuwa, n'kundiyang'ana monga munthu amayang'anira galu amene wadya mazira.

Ndinaliza injini. Dzanja la Pauline linagwira langa n'kuliika pa hutala.

"Lizani," anatero. "Mwaiwala pangano?"

Ndinaliza, kuyambira pasukulu mpaka pamsika.